Tsiku Limene a Saidi Anatithera Madzi

Fungo la mphira wowambidwa ndi dzuwa limandikumbutsa a Saidi, amene tinkayandikana nawo nyumba ku Malomo. Ankagwira ntchito yozimitsa moto ku Lilongwe, ndipo akabwera kudzapuma ankatsuka jombo zawo n'kuziyanika pakhonde la golosale ya akazi awo, pafupi ndi pamene amayi anga ankakazingira mandasi, utsi wa nkhuni ukulowa m'maso, mabelu a njinga za kabaza akulira pamsewu.

Ife ana tinkawazungulira kufuna nkhani za malawi ofika kumwamba. Iwo ankangoseka. "Moto ndi wa apo ndi apo," ankatero. "Masiku ambiri timatsuka mapayipi, kuthamanga titasenza makwerero, n'kumadikira belu. Likalira, mwina ndi nyumba, mwina ndi minibasi yagubuduka, tikatulutse anthu m'zitsulo." Tinkabalalika tili okhumudwa.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, mjigo ukutulutsa madzi modontheza, ndinkapirikitsa nkhuku ndipo ndinapunthwa pafuwa. Chiwaya cha mandasi chinapendekeka, mafuta owira n'kundikhuthukira pamkono. Ndinakuwa mpaka msika wonse unamva.

"Mayo, mwana wanga!" amayi analira. Anthu anakhamukira pomwepo. Wina ankati aswerepo dzira, wina ankati apakepo mankhwala otsukira mano.

A Saidi anatulukira opanda nsapato, nagwada pafumbi. "Musapakepo kanthu. Madzi, mayi. Onse amene muli nawo."

Anadula kachingwe ka mikanda kamene ndinkavala padzanja kuti kasandithine ndikatupa, kenaka anayamba kuthira madzi ndi kapu, pang'onopang'ono, osalekeza. Ndowa yathu inatha.

"Tiyeni kuchipatala, bambo, tikuchedwa!" amayi anachonderera.

"Moto ukadali m'kati mwa mnofu, mayi. Tiuzimitse kaye."

Akazi awo anabweretsa madzi amene anasungira kusamba asanapemphere. Atatha amenewo, azimayi a pamsika anayamba kubwera ndi zidebe zimene anazidikirira pamjigo kuyambira m'mamawa. Nthawi yonseyo a Saidi ankandiyang'ana m'maso, akundifunsa mayina a mbuzi zathu, ndipo ndikalakwitsa chifukwa cha ululu ankanditsutsa, "Iyayi, Tiyamike, yamawangayo si imeneyo," mpaka ndinapezeka ndikukangana nawo misozi ili mbwembwembwe. Kenaka anaphimba mkonowo ndi nsalu yoyera, anandikweza pakabaza pamodzi ndi amayi, iwo akuthamanga pambali mpaka kuchipatala.

Titabwerako dzuwa litapendeka, mkono uli m'bandeji, amayi anandituma kukathokoza. Ndinawapeza kuseri kwa golosale atakhala pa benchi, kapu ya tiyi ili m'manja, tiyiyo akutayikira pa thalauza chifukwa manja awo ankanjenjemera.

"Agogo, nanunso mwapsa?"

"Ayi, mwanawe. Manjawa amadikira ntchito ithe, kenaka ndiye amachita mantha awo." Anaika kapuyo pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali. "Unalira bwino lero. Mwana akamalira, mtima wanga umakhala pansi. Amene amandiopsa ndi amene ndimawapeza ali chete."

Akazi awo, amene anaima pakhomo, anawagwira paphewa. Sindinafunsenso.

A Saidi anatisiya kalekale, ndipo pamaliro awo ife a ku tchalitchi tinadzaza bwalo limodzi ndi a ku mzikiti. Chipsera chinatsala, koma mkono umapindika bwinobwino. Ndi umene ndimalembera pa bolodi kusukulu ya pulayimale ku Bowe. Ana akagundana pabwalo n'kugwa, aphunzitsi anzanga amathamangira amene akukuwa kwambiri. Ine ndimayamba ndayang'ana amene sakulira.