Sopo Wanga Pansi pa Thanki

Ine ndinayambana ndi mnzanga wa khomo loyandikana ku komboni ya Chawama chifukwa cha sopo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

Zaka zimenezo, nthawi ya chipani chimodzi, sopo ankasowa ngati mankhwala. Unkaima pamzere kuyambira mmamawa mpaka miyendo kutupa, n'kubwerako ndi mtanda umodzi. Ndiye wangawo unkangochepa, wina akuudula ndi mpeni. Ndinaganizira mnzangayo, poti ankalowa m'nyumba mwanga ngati mwake. Ndinamulalatira pampope anthu ali yavuyavu. Iye anangosenza ndowa yake n'kumapita.

Amuna anga anali ndi chigalimoto chakale cha m'tchire chimene ankatutira makala. Mwamuna wa mnzangayo anali wowotcherera zitsulo, ndipo ankawauza kawirikawiri kuti, "Baneba, tiike chitsulo pansi pa thanki. Visiki va kuthengo vizakupayani." Ankanena zitsa za mitengo zimene zingaboole thankiyo. Amuna angawo ankangoseka, ati chitsulo n'cholemera, galimoto izidya petulo wambiri. Ine nkhani za azibambo sindinkazilowerera.

Tsiku lina ndinapita nawo kukagula chimanga kumidzi. Mwana wathu wamkazi, wazaka zitatu, anakhala pakati pathu. Titasiya msewu waukulu, tinangomva kuti khoo! pansi. Fungo la petulo linadzaza m'galimoto monse. Bambowo anaima, n'kuzimitsa ndudu yawo mosathamanga n'komwe, kenaka anapisa m'thumba.

Sopo wanga! Wobiriwira uja, m'mbali muli modula ndi mpeni.

Anamulavulira, n'kumukanya ndi zala mpaka kufewa, n'kukwawira kunsi kwa galimoto. Ndinagwada kuti ndione. Mayo ine! Thanki yonse inali zigamba za sopo zokhazokha, zina zouma, zina zosweka, petulo akudontha pa udzu. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti thankiyo ili pansi penipeni pa mpando wawo, pomwe ankasutira fodya, pomwe mwana wanga ankakonda kuwakhalira pamiyendo.

Ndinafunsa kuti, "Atate ake mwana, zimenezi munayamba liti?"

"Aa, ni kale. Sopo amagwira bwino, petulo samusungunula."

Anayankha monyadira, ngati munthu wanzeru zake! Ndinabereka mwana kumbuyo, n'kuyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, iwo akundikuwira m'mbuyo. Tinakwera lole ya anthu osawadziwa.

Nditafika ku Chawama sindinalowe n'komwe m'nyumba mwanga. Ndinapita kwa mnzanga uja, amene ndinali ndisanamulankhule miyezi iwiri. Ndinamupeza akuchapa ndi madzi okhaokha. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kumuuza zonse, misozi ili chuchuchu, kuti wakuba ndinali kugona naye m'nyumba, ndipo ndikupempha amuna ake atithandize.

Mnzangayo anapukuta manja pachitenje, n'kunditengera kuseri kwa nyumba. Pakhoma panali patatsamira chitsulo chochindikala, chodulidwa kale bwinobwino, mabowo a mabawuti ali oboola, dzimbiri litayamba kuchigwira.

"Amuna anga anadula chaka chatha," anatero mnzangayo. "Anati tisunge, tsiku lina chizatengedwa. Ngati si mwine wa motoka, ni mukazi wake atavala vakuda."

Tinachinyamula awiri, wina uku wina uku, mpaka pakhomo panga. Chinali cholemeradi.