Vidiyo imene inadzijambula yokha ku Edingeni

Amama, apongozi anga, lero m'mawa foni yakana kulandira zithunzi, akuti malo adzaza. Ndakhala pakhonde n'kuyamba kufufuta nyimbo zakale, mavidiyo a m'gulupu ya kutchalitchi ndi maapu omwe sindigwiritsanso ntchito. Kenako foni yandionetsa chomwe chikudya malo ambiri: vidiyo ya mphindi zisanu ndi zinayi imene sindimadziwa n'komwe kuti ilipo. Inadzijambula yokha tsiku lina kwanu ku Edingeni, foni ili chagada pamkeka. Chooneka ndi masamba a mtengo wa mango ndi thambo basi, koma mawu anu alimo. Tikuswa mtedza, inu mukundiphunzitsa moni wa Chitumbuka, ine mkamwana wanu, mtengwa wochokera ku Dedza. Ndikulakwitsa katatu konse, inu mukuseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Yayi mkamwana, yambiraniso. Mbwenu muzolowera, kuno ndi kwanu."

Papita miyezi isanu ndi itatu chikuikireni m'manda. Pamaliro sindinalire, ndinatanganidwa ndi kuphikira anthu, ndipo leronso misozi sinabwere. Foni yafunsa ngati ndifufute, ndakana, ndafufuta zina. Mwana wanu sindinamuuze, sindikudziwa ngati angathe kumvetsera. Ineyo ndamvetsera kawiri, kenako ndangokhala, foni ili m'manja, tiyi n'kuzizira pambali. Chifuwa chimene chinadzakutengani chija chikumveka bwinobwino mu vidiyomo, Amama. Tsiku lija ine ndinkangoti mukuseka.