Abakha a Tannie Drieka

M'mawa uliwonse, asanalawe n'khofi yemwe, Tannie Drieka Basson ankagogoda ndowa ndi supuni, kenako n'kutsegula khola. Abakha ankatuluka pamzere, makosi ali njo, kulunjika kumunda wa mpesa m'tsinde mwa phiri la Paardeberg. Ntchito yawo inali kudya nkhono.

Mundawo unali waung'ono, wosiyiridwa iwo ndi mlongo wawo wamng'ono, Oom Gawie. Bambo awo ankapopera mankhwala n'kumagulitsa mphesa zonse kufakitale. Atamwalira, Tannie Drieka anapachika mpope wopopera mankhwalawo kudenga, n'kuyamba kuponda okha mphesa ndi mapazi m'shedi yakale, osathiramo kanthu kalikonse. Vinyo wake ankatuluka wofiira mopepuka ngati madzi a makangaza. Kutauni yapafupi ya Malmesbury anthu ankamuseka, koma malo odyera a ku Cape Town ankamulimbirana, makamaka chifukwa cha chidindo cha pabotolo chotsimikiza kuti mundawo sulawa mankhwala.

Chaka china mu Seputembala, mpesa utangoyamba kuphukira, vumbwe analowa m'khola. Anapha abakha angapo, pamodzi ndi bakha wamkulu amene ankatsogolera anzake. Otsalawo anaunjikana pakona. Tannie Drieka anagogoda ndowa mpaka dzanja kuwawa, koma palibe anasuntha. Masiku anapita, nkhono zikudya mphukira, ndipo mphukira ikadyedwa ndiye kuti phava la mphesa lapita.

Madzulo ena Oom Gawie anatsitsa thumba la mankhwala a nkhono m'galimoto n'kuliika pakhonde.

"Mawa ndikumwaza, Ousus," anatero, poti ndi mmene ankaitanira mlongo wawo wamkuluyo. "Antchito anuwa anyanyala."

"Ukamwaza, chidindo chija atilanda, ndipo sichibwera msanga."

"Chidindo tidzamata pa chiyani, mphesa kulibe? Pamphumi panu?"

Tannie Drieka anatembenuza nsomba ya snoek pamakala, n'kuvuula botolo m'mtsuko wa madzi ozizira. Oom Gawie anakweza tambula yawo kuloza kudzuwa.

"Taonani. Munthu n'kuwerenga nyuzi kudzera m'vinyoyu. Atate akanati mwatsukiramo mbale."

"Nanga bwanji madzi otsukira mbalewo umamaliza botolo wekha, Boet?" anafunsa Tannie Drieka, amene ankaitana mlongo wawo wamng'onoyo motero.

"Ndimakumverani chisoni."

"Ndimvere chisoni mpaka mawa masana. Dzuwa likafika pamutu abakha ali m'khola, mwaza. Sinditsegula pakamwa."

Oom Gawie anavomera, poti ankadziwa kuti mlongo wawo wamkuluyo sabweza mawu.

Kusanade, Tannie Drieka anasonkhanitsa ziguduli zonse za m'shedi, n'kuziviika m'madzi, n'kukaziyala pansi pakati pa mizere ya mpesa. Nkhono zimadya usiku, ndipo kukamacha zimafuna malo achinyezi obisalapo. Za abakha anali ataziganizira bwino. Sikuti anaiwala njira kapena njala inawathera. Chimene chinawasowa ndi woyamba kuponda panja.

Kutacha, anavundukula chiguduli choyamba n'kupeza nkhono zili mbwee. Anazikokolera mundowa mpaka kudzaza. Ulendo uno sanagogode. Anatsegula khola mwakachetechete, n'kuika nkhono imodzi pakhomo penipeni, ina patsogolo pang'ono, ina kutsogolo kwake, akuyenda chammbuyo, msana utapindika, njira yonse mpaka pamzere woyamba wa mpesa. Kenako anakhala pansi n'kudikira.

Amene anayamba kusuzumira anali kabakha kakakazi kotsimphina, kamene masiku onse kankatsalira kumbuyo. Kanameza nkhono yoyamba, n'kuima, n'kumeza yachiwiri. Anzake ataona kuti kakudya kokha, anayamba kukankhana pakhomo.

Oom Gawie anaima pakhonde, kapu ya khofi m'manja, akuyang'ana mzerewo ukudutsa.

"Ndiye bwana watsopano ndi wotsimphinayo?"

"Pamunda pano amatsogolera ndi akazi, Boet. Bweza thumbalo m'galimoto, ndipo pobwera undigulire waya wa khola."

Atatero anatola ndowa, n'kutsatira abakha awo kukavundukula ziguduli zotsala.