Tinsomba tomwe tinatulutsa a Nachisale m'nyumba

Loweruka lapitali sindinali pantchito kuchipatala, ndiye ndinakakamiza a Nachisale, mayi amene timapemphera nawo, kuti tikawongole miyendo kunyanja. Mayiwa anafika kuno ku Middlesbrough chaka chatha ndipo akudikirabe mapepala awo okhalira m'dziko muno. Kupatula kutchalitchi ndi kusitolo, satuluka. Poyamba anakana, ati kunja kukuzizira, koma kenako anavala jekete n'kukwera nane basi.

Titafika, tinapeza mbalame zoyera za kunyanja zikuchita phokoso, zikudumphira m'madzi. M'mphepete madzi ankaoneka ngati akuwira. Funde likabwera, linkasiya tinsomba tonyezimira mbwee pamchenga, tikuphiriphitha.

"Achemwali, si usipa uwu?" anatero a Nachisale, uku akuvula nsapato.

Bambo wina wachizungu, yemwe ankayenda ndi galu wake, anaseka n'kutiuza kuti tinsombato amatitcha sipurati, abale ake a nsomba ina yotchedwa hering'i. Anati timayenda m'chigulu chachikulu, timakonda madzi ozizira, ndipo timadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Kumsana n'kwakuda kuti mbalame isatione bwino ili m'mwamba, kumimba n'koyera kuti nsomba yochokera pansi isokonezeke. Tsikulo nsomba zazikulu zinali zitatithamangitsa mpaka kumtunda. Ndinafunsa ngati munthu angatole. Anati tamoyo tokha, ndipo anatipatsa jumbo.

Mukanawaona a Nachisale! Mayi amene kutchalitchi amayankha moni ndi mutu wokha ankathamangitsana ndi mafunde, siketi itanyowa, akuseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti kwawo ankagulitsa nsomba pamsika, zomwe sindinkadziwa ngakhale timakhala benchi imodzi Lamlungu lililonse.

Tsono ndikufunseni, anzanga a ku Bradford ndi ku Salford. Ndi kangati tavutitsa munthu wochokera kumudzi kuti atinyamulire usipa m'sutikesi, zovala zake n'kununkha mwezi wathunthu? Timaugawana ngati mankhwala, timaubisa kuseri kwa kabati. Koma nsomba zatsopano za kuno timangozidutsa pamsika, ati sitizidziwa. Tinafunsapo ndani?

Si nsomba zokha ayi. Ambirife timadziwa msewu wa kuntchito, wa kutchalitchi ndi wa kunyumba, basi. Zaka zimatha tili pafupi ndi nyanja osaiponda, tikumati tidzapuma tikadzabwerera kumudzi.

Madzulo a Nachisale anakazinga tinsombato ndi tomato ndi anyezi. Chigamulo chawo chinali chakuti mafuta achuluka ndipo kakomedwe sikafika pa usipa. Komabe m'mbale simunatsale kanthu, ndipo Lolemba anandiimbira foni kufunsa nambala ya basi ija. Akufuna kupita okha, ndipo akatenga mayi wina wa ku Zambia wokhala nawo nyumba imodzi.

Nanga inu, pa anthu amene mumakhala nawo benchi imodzi, ndani sanaonepo kumene basi ya m'dera lanu imathera?