Mayi Simenti ndi Choyendera cha Alamu

Achemwali anga akalowa m'nyumba ya eni amayamba ayang'ana kudenga asanapereke moni. Si mwano ayi, amangofuna aone ngati mitanda yagwira bwino. Pa ukwati wanga womwe, anthu ali kalikiliki kuvina, iwo anali pakona akugogoda chipilala cha holo ndi kiyi wa galimoto.

Anaphunzitsa uinjiniya ku yunivesite kwa zaka zambiri, ndipo gawo lawo linali la milatho. Ophunzira ankawatcha Mayi Simenti, dzina limene iwo ankanamizira kudana nalo. Lamulo lawo linali limodzi: ukawerengera katundu amene mlatho udzanyamule, uwirikize, kenako uwonjezerenso chifukwa madalaivala a malole sanena zoona. Ngakhale shelefu ya mbale kukhitchini kwawo mutha kuimikapo galimoto.

Kenako amuna awo, alamu anga, anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka. Achemwali anapempha tchuthi cha miyezi ingapo, miyeziyo inasanduka zaka, mpaka ofesi yawo inapatsidwa kwa wina. Anaphunzira kusambitsa munthu wamkulu, kumutembenuza pabedi ndi kumumanga mabatani, ndipo sanadandaulepo. Koma ine chisoni chinkandigwira ndikawapeza akuwerenga buku lawo lakale la milatho uku akudikira madzi osamba kuti atenthe.

Pang'ono ndi pang'ono alamu anayamba kupezako bwino. Nthabwala zawo zinabwerera msanga kuposa mwendo. Ankayenda ndi choyendera cha kuchipatala, chija cha miyendo inayi, koma chinkathandiza m'nyumba mokha. Akangotuluka panja, pa miyala ndi pa dothi, chinkagwedera ngati tebulo la m'kantini, ndipo achemwali chinkawapsetsa mtima kwabasi.

Tsiku lina mnzawo wakale wa ku yunivesite anawaimbira foni. Anawauza kuti bungwe lina likupereka thandizo la kafukufuku kwa aphunzitsi a uinjiniya odziwa ntchito, amene anaima kaye kapena akufuna kusintha gawo.

"Zonse ziwirizo akunena ine," anandiuza tikuanika zovala. "Ndinaima, ndipo za milatho ndakhuta nazo. Ndikufuna ndipange choyendera choti munthu apite nacho mpaka kumsika."

"Ndiye mukuchedwa ndi chiyani, achemwali?"

"Iwe, mutuwu unachita dzimbiri. Akakandikana ndidzadziwa kuti basi, zanga zinatha."

Aka kanali koyamba kuwamva akuopa chinthu. Ndinawakalipira ngati mkulu ndine, mpaka anapempha thandizolo. Posakhalitsa anawaitana kuti akaonekere pamaso pa akuluakulu a bungwelo, atanyamula chitsanzo cha chimene akufuna kupanga.

Galaja inasanduka fakitale. Anabwereka wowotcherera zitsulo wa mumsewu mwathu, bambo wofatsa amene ankangoti "chabwino mayi" pa chilichonse. Choyenderacho chitatha, achemwali anachiyesa mmene amayesera mlatho. Anasanjikapo matumba a simenti, sichinapinde. Anandikhazikapo ine, munthu woti ndine wathupi ndithu, sichinalire n'komwe. Alamu atapempha kuti achiyese, anawabweza.

"Bambo, munthu sakwera pamlatho usanatsegulidwe. Mudzayenda nacho tsiku lomwelo, anthu aja akuona."

Tsikulo litakwana, wowotcherera uja ndi mnzake anachikweza pagalimoto akubuula, koma palibe mwa ife amene zinamupatsa maganizo. M'chipinda chimene anatilandirira munali tebulo lalitali, mabotolo a madzi ndi anthu atatu. Pakati panakhala wapampando, pulofesa wa imvi ndi magalasi olendewera pamphuno. Achemwali anafotokoza bwino zedi, manambala akungotuluka okha.

"Tamva," anatero wapampando. "Tione tsopano bambowa akuyenda nacho."

Alamu anadzuka, atatchena suti yawo ya buluu. Anagwira choyenderacho n'kukoka. Chinangoti zii. Anakokanso mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera, koma ngakhale mwendo umodzi sunachoke pansi. Anapuma, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Amayi," anatero ndi kayankhulidwe kawo kokoka kaja, "ine ndinapempha choyendera. Inu mwandimangira mlatho. Pangotsala mtsinje basi."

Mmodzi wa anthu atatu aja anatsamwa ndi madzi. Wina anabisa nkhope kuseri kwa pepala. Ine ndinasowa koloza maso, mtima ukundipweteka chifukwa ndinkadziwa chimene achemwali ankaopa. Iwo anaima duu, akuyang'ana chitsulo chawo. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ayi, kunali kuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chidwalireni alamu.

"Mwaona nokha," anatero akupukuta misozi. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikupanga zinthu zoti zisasunthe. Ndinayesa katundu amene chitsulochi chinganyamule, koma sindinayese chimene dzanja ili linganyamule. Pomwe dzanjali ndimalidziwa kuposa wina aliyense. Kapu ya tiyi ikadzadza limataya. Kafukufuku wanga ayenera kuyambira padzanjali, osati pachitsulo."

Wapampando anakankhira magalasi m'mwamba n'kufunsa kuti nanga paipi ya choyenderacho angaichepetse mpaka pati isanayambe kupinda. Achemwali anatenga cholembera n'kupita pabolodi. Anajambula, anafufuta, anatsutsana ndi pulofesayo ngati anakulira limodzi. Ine ndi alamu anatiiwaliratu, moti tinamwa madzi awo onse aja.

Yankho litabwera, linali loti awapatsa thandizolo, pamodzi ndi malo mu labu ya ku yunivesite. Tinagwirizana kuti masana ndizikhala ndi alamu, popeza makina anga osokera amagwira ntchito paliponse pamene pali tebulo.

M'mawa wa tsiku loyamba achemwali anavala jekete yawo yakale, yomwe tsopano inkawathina m'mapewa. Anatsanzika, anafika pageti, n'kubwerera kudzandiuza za mapilisi. Anapitanso, n'kubwereranso kudzandionetsa mmene ndingawakhazikire alamu pampando. Ulendo wachitatu anaika chikwama pansi.

"Kapena ndiyambe mawa," anatero. "Lero akuoneka ofooka."

Alamu anali ataima pakhomo, atatsamira chitseko. Nthabwala zinali zitachoka pankhope pawo.

"Amayi, tandimverani. Zaka zonsezi, ndikakuonani mukuchapa zofunda zanga, ndimadziuza kuti amene ndakutsekerani m'nyumba muno ndine. Zimenezo zimandiwawa kuposa mwendowu. Pitani kuntchito, nanenso ndipume."

Achemwali anawayandikira. Anawakonzera kolala ya malaya, yomwe inali bwinobwino kale, anatola chikwama n'kutuluka. Alamu anakana kukhala pansi. Anaimabe pakhomopo, mwendo ukunjenjemera, mpaka akazi awo anakhota pakona ya msewu.