Chikhomo cha pachitsa cha mkuyu

Matipate atabwera, mitengo ya m'mbali mwa kamtsinje kathu, kuseri kwa msika wa Chitakale, inatha ngati yadyedwa ndi chiswe. Ina anaotchera njerwa, ina makala. Apusi amene ankatibera chimanga anathawa, mbalame nazo zii. Madzi a m'phiri akatsika ankangodya gombe.

Ndiye patapita zaka, amayi a m'mudzi tinagwirizana zodzala mitengo mongodzipereka. Alangizi a zankhalango anatibweretsera mbande za mibawa m'machubu. Iwo ankakoka chingwe choyezera n'kumakhoma chikhomo paliponse pofunika dzenje, ife pambuyo ndi makasu, tikuseka. Ine kuseka kunandithera nditaona chikhomo china chakhomedwa pafupi ndi chitsa cha mkuyu.

Pamenepo pali mwana wanga. Woyamba, amene anabadwa osalira, ndili mtsikana, amuna anga akuthyola tiyi kuesiteti. Kwathu kuno mwana wotere timati mtayo. Saikidwa kumanda, saliridwa, ndipo amuna sapitako. Amayi akuluakulu anamukulunga m'kansalu n'kukamuika pafupi ndi madzi, m'dzenje losaya, poti ankati akamuzamitsa sindidzaberekanso. Ine sindinapite. Anangondinong'oneza pambuyo pake kuti pansi pa mkuyu, mbali yotulukira dzuwa. Amene anakumbawo onse anatisiya. Wodziwa ndinatsala ndekha.

Mayi wina wogulitsa nthochi pasiteji, wamphamvu zake, anali atakweza kale khasu pachikhomopo.

"Achemwali, apo ndisiyireni ine," ndinatero.

"Inu anganga, ndi msana wanuwo? Dzuwa litilowera pompano!"

"Ndati ndisiyireni."

Alangizi anasendera. "Agogo, chavuta n'chiyani? Ngati mwatopa kapumeni pamthunzi."

"Mthunzi uti, bambo? Si umene tikudzalawu?"

Anthu anaseka. Ndinafuna kuwapempha kuti asunthe chikhomocho, koma akanandifunsa chifukwa, ndipo nkhani imeneyi siuzidwa mwamuna. Khasu ndinaliika pambali, ndinagwada, n'kuyamba kufukula ndi manja.

Mayi wanthochi uja anayang'ana manja anga, anayang'ana chitsa, kuseka kwake kunathera pomwepo. Anamasula chitenje chapamwamba n'kuima pakati pa ine ndi alangizi, akuchikutumula ngati chalowa fumbi.

"Bambo, tiyeni mukatiyezere kumtunda uko. Kuno tathana nako."

Onse anakwera kumtunda. Ndinatsala ndi chubu changa.

Ndinafukula pang'onopang'ono, zala zikuopa chilichonse cholimba. Ndinkati ndikhudza ulusi wa kansalu, mwina kafupa kakang'ono ngati ka nkhunda. Ndinali nditakonza kale zochita: kukwirira msanga, mbande n'kuidzala pambali. Dzanja linalowa mpaka m'chigongono. Mchenga wokhawokha, woyera, wozizira, wa m'phiri. Dothi lakuda lakale lija panalibe. Madzi anali atalikokolola kalekale n'kusiyapo lawo, ine zaka zonsezo ndikudutsa pamenepo ndi ndowa pamutu, kuyenda mofatsa kuopa kumuponda.

Ndinang'amba chubu, ndinaika mbande, ndinakwirira. Nanga ndikanatani?

M'bawa uja unagwira, pano wandipitirira kutalika. M'chilimwe ndimapitabe kukauthirira, ngakhale anzanga amati wakula, sukufunanso madzi. Koma ndikamathira, maso anga sakhala pamtengopo. Amatsata mtsinje kumunsi, pamene umakhotera kuseri kwa minda ya tiyi, kumene sindinafikeko chibadwire.