Akuti ndine anti chabe

Lolemba ndinapempha tchuthi kuntchito yanga yosamalira okalamba kuti ndikalembetse Chisomo sukulu kuno kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Bowie. Chisomo ndi mwana wa malemu mkulu wanga, wazaka zisanu ndi ziwiri, ndipo wangofika kumene kuchokera ku Zomba. Mayi wa mu ofesi anandifunsa kuti ndine ndani wake.

"Ndine mayi ake," ndinatero.

Anayang'ana chikalata chobadwira, n'kundiyang'ana ine. Dzina la mayi pa chikalatacho silinali langa. Kenako anawerama n'kufunsa mwanayo ngati ndinedi mayi ake.

"Eya, koma aang'ono," anayankha Chisomo. "Aakulu anamwalira. Ena ali ku Lilongwe."

Abale inu, nkhope ya mayi uja! Anandiyang'ana ngati wandipeza ndi nkhuku yakuba m'chikwama.

Atapuma anandifotokozera. Akuti kumapeto kwa mwezi uno sukulu iliyonse imatumiza kulikulu la maphunziro chiwerengero cha ana, kalasi ndi kalasi, ndipo akuluakulu amagawa aphunzitsi potengera chiwerengerocho. Mwana wowerengedwa ayenera kukhala ndi kholo kapena womulera wovomerezedwa ndi khoti. "Inu ndinu anti chabe," anatero.

Anti! Mawu amene ana athu kuno amaitanira mayi aliyense wowapatsa mandasi kutchalitchi. Ine amene ndinamubereka kumbuyo mwanayu ali khanda, mayi ake ali chigonere m'chipatala?

Musandimve molakwa, kuwerenga ana sindikukana. Ine ndinaphunzira m'kalasi momwe aphunzitsi ankanditchula "iwe wakumbuyo" chaka chathunthu chifukwa tinali ochuluka zedi. Ndikudziwa ubwino wa kalasi ya ana ochepa. Chondikwiyitsa n'chakuti ofesiyo yaiwala chimene imawerengera. Ikufuna lipoti loyera, ndiye mwana wovuta kumulemba ndi bwino atsale kunja.

Nafenso Amalawi, tamvani. Timakweza mwana ndege ndi mawu apakamwa a malume ake, n'kumati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kwathu mawu amenewo amakwanira. Kuno amafuna chidindo. Ngati mukuitana mwana wa m'bale wanu, yambani mwafunsa za khoti asanafike, mungadzaime pomwe ndinaima ine, thukuta lili kamukamu.

Kukhoti ndapita. Tsiku limene andipatsa ndi la mwezi wamawa, kuwerenga kutatha. Mayi wa mu ofesi uja wandiuza kuti kalasi ya giredi yachiwiri yadzaza kale, ndipo mphunzitsi wina angabwere pokhapokha chiwerengero chitakwera. Chikwera bwanji, mwana wokweza chiwerengeroyo mwamusiya pakhomo?

Pakadali pano Chisomo amadzuka m'mamawa, kusamba, kubereka chikwama chake n'kukaima pawindo. Basi yachikasu ya sukulu imaima, imanyamula ana a oyandikana nafe, n'kumapita. Dzulo anatembenuka n'kundifunsa, "Amayi, kodi ndinayankha molakwa kusukulu kuja?"

Inu a kulikulu la maphunziro, ndimuuze kuti akanayankha bwanji?